Mawu oti "chenjezo" abwerezeka ka 7, kodi ndiwasinthe?

Thokozani: Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani ya kuntchito, poti m'gulu muno muli anthu a matenda a shuga, makolo, anamwino ndi olemba mapulogalamu. Ine ntchito yanga ndi kulemba timawu tija timatuluka pa foni pulogalamu ikabwera ndi update, tofotokoza zimene zasintha. Pulogalamu yake ndi yolandira manambala kuchokera ku sensa ya shuga yomata pamkono. Dzulo akuluakulu amene amawerenga ntchito yanga isanatuluke andibwezera, akuti mawu oti "chenjezo" ndawabwereza ka 7 m'mizere 11 ndipo zikumveka zachibwana. Ati ndisake mawu ena ofanana tanthauzo. Za Chingerezi ndinaziponya m'chida cha pa intaneti chosinthira mawu, za Chichewa ndasintha ndekha. Koma mtima sukukhazikika.

Nali gawo la zimene ndinalemba poyamba:

"Chenjezo la shuga wotsika tsopano lizilira ngakhale foni ili pa silent. Mutha kuimitsa chenjezo kwa mphindi 30. Chenjezo la shuga wotsika kwambiri simungalizimitse. Nambala ya sensa ikasiyana ndi mmene mukumvera m'thupi, bayani chala muyeze."

Nditasintha zakhala chonchi:

"Uthenga wa shuga wochepa tsopano uzimveka ngakhale foni ili pa silent. Mutha kuletsa chidziwitsochi kwa mphindi 30. Belu la shuga wochepa kwambiri silingaletsedwe. Shuga wa m'magazi akasiyana ndi mmene mukumvera m'thupi, yezaninso."

Mukuziona bwanji?

Amake Tadala: Achemwali, chonde bwererani ku zoyambazo. Ndawerenga zachiwirizi ndipo m'mutu mwanga muli zinthu zitatu: uthenga, chidziwitso ndi belu. Ndikadakhala kuti sindinaone zoyambazo, bwenzi pano ndikutsegula ma settings kusakasaka zinthu zitatu pomwe chilipo n'chimodzi.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Mwana wanga ali ndi shuga wa Type 1, anamupeza ali ndi zaka 6, pano ali ndi 9. Chaka chatha pulogalamu imene tinkagwiritsa ntchito inabwera ndi update, dzina la kampani sinditchula. M'timawu take munali mzere woti ngati mauthenga akukusokonezani usiku mutha kuwazimitsa. Ine ndinamva kuti akunena timauthenga tokumbutsa kusintha sensa ndi tina totsatsa malonda tija. M'kati mwa pulogalamu, cholira shuga akatsika chinali ndi dzina lake lina, ndiye sindinaganize n'komwe kuti n'chimodzi. Ndinazimitsa, n'kugona.

Cha m'ma 2 koloko ndinadzuka, sindidziwa chimene chinandidzutsa. Ndinapita kuchipinda kwake kukamufunditsa. Nditamugwira pamphumi, thukuta lili kamukamu, pilo yense wanyowa, koma khungu lozizira. Ndikumuitana akungoyankha zosamveka. Foni ili pambali pake, ili zii, sikirini ikuonetsa nambala yofiira koma osalira. Ndinamubaya chala manja akunjenjemera, mpaka kapepala koyamba kanagwa pansi. Nambala inali 2.8, yotsika kwambiri. Mwamwayi ankatha kumeza. Tinamupatsa glucose, bambo ake atagwira wotchi kuwerenga mphindi 15 kuti tiyezenso. Mphindi zimenezo sindidzaziiwala.

Amene analemba mzere uja sananame. Anangotcha chinthu chimodzi mayina awiri.

Thokozani: Mayi, pepani kwambiri. Tadala ali bwanji pano?

Amake Tadala: Ali bwino, zikomo. Koma update ikabwera ndimaiwerenga kawiri, kenako ndimatsegula ma settings n'kuyesa kuti alamu ikulira, ndisanagone.

Nabanda: Ine ndine namwino, ndimaphunzitsa anthu amene angoyamba kuvala sensa. A Thokozani, poyambira pake ndi "wotsika" ndi "wochepa". Anthu athu amati shuga watsika, shuga wakwera. Ndi mawu amene amabwera nawo okha kuchipatala. "Shuga wochepa" wina angamve ngati chinthu chabwino, poti zaka zonsezi takhala tikumuuza kuti achepetse shuga. Munthu wachikulire akaona "uthenga wa shuga wochepa" akhoza kuganiza kuti foni ikumuyamikira.

Ndiye "wotsika" ndi "wotsika kwambiri" si nkhani yokometsera chiganizo, ndi malire awiri. Pansi pa 3.9 mmol/L, yomwe ndi 70 mg/dL, ndi gawo loyamba: munthu achitepo kanthu. Pansi pa 3.0, yomwe ndi 54, ndi gawo lachiwiri: apa ubongo wayamba kuperewedwa, munthu akhoza kusokonezeka osadziwa n'komwe kuti wasokonezeka. Opanga zipangizo amasiyanitsanso. Pa sensa yotchedwa Dexcom G6, chenjezo la shuga wotsika munthu amadziikira yekha nambala ndipo akhoza kulizimitsa, koma la shuga wotsika kwambiri, lotchedwa Urgent Low, limalira pa 55 mg/dL, silisunthika, silizimitsika. M'mabuku awo a G6 limeneli lokha ndi limene amalitcha "alarm", ena onse amawatcha "alert". Mtanthauziramawu akuuzani kuti mawu awiriwa ndi apachibale. Pa chipangizocho ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Yamikani: Ndionjezere za mbali yathu ya olemba mapulogalamu. Liwu lililonse limene lili pa batani kapena pa mutu wa settings timalisunga m'fayilo imodzi. Timawu ta update tiyenera kutenga liwulo mmene lilili, chilembo ndi chilembo. Ngati pa sikirini palembedwa "Chenjezo", inu mukalemba "Belu" ndiye kuti mwatuma munthu kukasaka chitseko chimene kulibe.

Koma chimene chandiopsa kwambiri ndi "kuletsa". M'zoyambazo munali maverebu awiri, kuimitsa ndi kuzimitsa. Mwawaphatikiza kukhala amodzi. Pali muyezo wa ma alamu a zipangizo zachipatala, IEC 60601-1-8, umene umasiyanitsa "paused" ndi "off". Choimitsidwa chimabwerera chokha nthawi ikakwana. Chozimitsidwa sichibwerera mpaka munthu atachiyatsa. Ngakhale zizindikiro zake n'zosiyana, china mtanda wake ndi wa mizere yodukaduka, china wa mizere yathunthu. Tsopano werengani zanuzo: "mutha kuletsa", mzere wotsatira "silingaletsedwe". Kodi la shuga wotsika kwambirilo munthu akhoza kuliimitsa kwa kanthawi, kapena ayi? Zoyamba zija zimangoti silizimitsika. Zachiwirizi zanena zina zimene mwina pulogalamu yanu sichita n'komwe.

Thokozani: Ee, apa mwandigwira. Limaimitsika kwa kanthawi munthu akalidina, kenako limaliranso ngati shuga sanakwere. Ndiye chiganizo changa chatsopano n'chabodza.

Bambo Gondwe: Ndiloleni ndiime kumbali ina pang'ono, osati kukana zimene mwanenazi. Ndaphunzitsa chilankhulo zaka zambiri ndipo ndikuwamvetsa amene anabweza pepalalo. Zolemba zouma, zobwereza liwu limodzi mzere uliwonse, anthu saziwerenga mpaka kumapeto. Diso limatsetsereka. Munthu akaona "chenjezo, chenjezo, chenjezo" amati ndamva kale, n'kudina OK. Ndiye phindu lake lili pati ngati mawu ali olondola koma palibe wawawerenga? Tisawanyoze akuluakuluwo, vuto limene aona lilipo ndithu. Mankhwala ake ndi amene alakwika.

Amake Tadala: Aphunzitsi, ine 2 koloko usiku sindifuna zokoma kuwerenga. Ndimafuna liwu limene lili papepala likhale lomwelo lili pa batani.

Bambo Gondwe: Ndikugwirizana nanu, mayi, ndipo sindikuti liwu lisinthe. Ndikuti Chichewa chili ndi njira yakeyake imene sitikuigwiritsa ntchito chifukwa tikutsata mapazi a Chingerezi. Ife dzina timalitchula kamodzi, kenako agwirizanitsi amalinyamula. Taonani: "Chenjezo la shuga wotsika tsopano lizilira ngakhale foni ili pa silent. Mutha kuliimitsa kwa mphindi 30, kenako lidzayambanso lokha." Liwu lija latchulidwa kamodzi, koma "li" akulisenza m'ziganizo zonse. Palibe chabwerezedwa, palibenso dzina lachilendo lalowa. Ka 7 kaja katsika kufika pa 3 popanda kubwereka liwu kwina.

Chenjerani pamodzi pokha. "Batani" nalonso limatenga "li". Mukalemba kuti "dinani batani la chenjezo, likasiya kuwala mulisiye", owerenga sadziwa kuti lasiya kuwala ndi liti. Pamalo otere bwerezani dzina, musachite manyazi.

Yamikani: Izi ndiye sindinaziganizepo. Zikomo aphunzitsi.

Chisomo K.: Pepani ndikupatutseni pang'ono. Ndangoyamba kuvala sensa mwezi uno. A nesi alemba 3.9 ndi 70 ngati n'chimodzi, zikutheka bwanji?

Nabanda: Ndi miyezo iwiri ya chinthu chimodzi, achemwali. Tengani nambala ya mmol/L muchulukitse ndi 18, mupeza mg/dL. 10.0 ndi 180, 3.9 ndi 70. Onani kuti pulogalamu yanu ndi makina anu obayira chala zikugwiritsa ntchito muyezo umodzi, ndipo mukamauza dokotala nambala muzitchula ndi muyezo wake. Funso lanu silinapatuke kwenikweni, chifukwa olemba ena amachotsa "mmol/L" kumapeto kwa nambala poti yabwerezeka kwambiri.

Zachidule nazonso zapweteka anthu. Chilembo "U" m'malo mwa "units" pa mlingo wa insulini, chikalembedwa mofulumira chimaoneka ngati 0, ndiye 4U munthu n'kuwerenga 40. Bungwe la Joint Commission ku America linachiika pa mndandanda wa zidule zoletsedwa m'zipatala kuyambira 2004. Kwa wolemba "U" ndi "units" n'zofanana. Kwa wobaya jakisoni kusiyana kwake ndi ka 10.

Madalitso: A Thokozani, za Chingerezi zija munaponya m'chida, mwaziwerenganso bwinobwino? Zida zimenezo sizidziwa kuti mawu ena amayenda awiriawiri ngati dzina limodzi. Mu 2021 akatswiri atatu, Guillaume Cabanac, Cyril Labbé ndi Alexander Magazinov, anaonetsa kuti m'magazini a sayansi munadzaza mawu opotoka ochokera ku zida zotere, anthu pofuna kubisa kuti akopera ntchito za anzawo. "Artificial intelligence" inasanduka "counterfeit consciousness". Khansa ya m'mawere inasanduka "bosom peril". Kulephera kwa impso kunasanduka "kidney disappointment", ngati kuti impso zakhumudwa. Liwu lililonse palokha lili ndi mnzake mu mtanthauziramawu, koma dzina la matenda lafa.

Ndipo si m'magazini mokha. Pali masamba a pa intaneti amene amatenga chilengezo cha kampani yopanga sensa, n'kuchipititsa m'chida chomwecho kuti Google isaone kuti n'chokopera, n'kuchiika ngati nkhani yawo. Munthu wofufuza vuto la pulogalamu yake amagwera pamenepo.

Thokozani: Ndawerenganso panopa. "Sensor reading" chachisandutsa "detector perusing". "Fingerstick" chasiya, mwina sichikulidziwa. Ndipo "snooze" chalemba "nap". Ndazitaya zonse.

Nabanda: Mzere wanu womaliza sitinaukhudze, ndipo kwa ine ndi umene walakwika kuposa yonse. Mwachotsa "nambala ya sensa" n'kuika "shuga wa m'magazi". Sensa siyeza magazi. Kawaya kake kali pansi pa khungu, m'madzi a pakati pa maselo, ndipo shuga amafika m'menemo mochedwerapo. Shuga akamatsika mofulumira, sensa ikhoza kutsalira ndi mphindi zingapo, nthawi zina mpaka 15. Munthu akagonera mkono wa sensa, nambala ikhoza kutsika mwabodza. N'chifukwa chake chiganizo chija chilipo: sensa ikunena zina, thupi likunena zina, ndiye pita ku magazi enieniwo ukaone. Inu mwatcha nambala ya sensa kuti magazi, kenako mwati "yezaninso". Munthu ayezanso ndi chiyani? Ayang'ananso foni yomweyo, apeza nambala yomweyo, akhala pansi.

Amake Tadala: Zogonera mkonozo n'zoona. Kangapo konse alamu yatidzutsa, kubaya chala 6.1, mwana wangogonera sensa. Timamutembenuza, pakapita kanthawi nambala yabwerera. Koma timabaya kaye, sitiganizira.

Bambo Gondwe: Ndibwerenso ndi funso langa lina. Kodi tikuti mawu a m'matendawa asamasinthe mpaka kalekale? Chifukwa alipo ena ofunika kusintha. Mkazi wanga wakhala ndi shuga zaka 14, amagwira ntchito, amayenda, koma pepala lililonse limamutcha "wodwala". Iye amadana nalo liwu limeneli. Ndamva kuti ngakhale m'Chingerezi anayamba kusiya mawu ena.

Nabanda: N'zoona, aphunzitsi. Mu 2017 mabungwe awiri a ku America oona za matenda a shuga, ADA ndi AADE, anatulutsa malangizo a kalankhulidwe, ndipo bungwe la zaumoyo la NHS England linatulutsa ake mu 2018. Amalimbikitsa kunena kuti munthu amene ali ndi matenda a shuga, osati kumutcha ndi dzina la matendawo, komanso kupewa mawu omuweruza ngati kuti nambala yokwera ndi mlandu. Ine ndinasiya kufunsa kuti "bwanji mwalephera", ndimati "chinachitika n'chiyani Lachiwiri madzulo", ndipo anthu amamasuka.

Koma taonani mmene kusintha kwabwino kumayendera. Kale mapulogalamu a sensa ankaonetsa nambala yotchedwa "estimated A1C". Anthu ankaiyerekeza ndi HbA1c ya ku labu, zikasiyana n'kumakangana kuti wanama ndani. Chonsecho ndi zinthu ziwiri: ya ku labu imachokera ku shuga womatirira pa maselo ofiira a magazi pa miyezi iwiri kapena itatu, pomwe ya m'pulogalamu imawerengedwa kuchokera ku avereji ya manambala a sensa, kawirikawiri a masiku 14. Mu 2018 Richard Bergenstal ndi anzake analemba zoti dzinali lisinthe likhale GMI, kuti anthu asiye kuziona ngati chimodzi. Analisintha kamodzi, n'kufotokoza chifukwa. Sanati ndime ino tilembe GMI, ndime yotsatira A1C kuti zisatopetse.

Bambo Gondwe: Ndamva. Ndiye liwu likafuna kusintha lisinthe ponseponse tsiku limodzi, pa batani pomwe, ndipo anthu auzidwe kuti chija munkachidziwa ndi dzina lakuti tsopano ndi chakuti.

Yamikani: Ndendende. Ndipo a Thokozani, mukafuna chowauza akuluakulu anuwo, auzeni za ndege. Mabuku okonzera ndege amalembedwa m'Chingerezi chapadera, ASD-STE100, chimene chinatuluka koyamba mu 1986. Chili ndi mawu ovomerezeka pafupifupi 900, ndipo lamulo lake ndi loti liwu limodzi likhale ndi tanthauzo limodzi. Mwachitsanzo "close" amaloledwa kutanthauza kutseka basi, osati pafupi. Anachita zimenezi chifukwa amakaniko ambiri padziko Chingerezi si chawo chobadwa nacho. Palibe amene amati mabuku amenewo ndi achibwana.

Chimene ine ndimachita ndi kagome kakang'ono ka magawo atatu: liwu lovomerezeka, tanthauzo lake, ndi mawu oletsedwa m'malo mwake. Chenjezo, osati uthenga, belu, chidziwitso. Kuimitsa, osati kuletsa. Mawu 20 kapena 30 amakwana pulogalamu yonse. Aliyense wokhudza zolemba amayamba waona kagomeko.

Madalitso: Muikemonso manambala a mtundu wa pulogalamu. Olemba amakonda kusintha nambala n'kuika "mtundu watsopano" kapena "waposachedwa". Mu 2024 FDA, bungwe la ku America loona za mankhwala ndi zipangizo zachipatala, linalengeza za pulogalamu ya t:connect ya pa iPhone, ya kampani ya Tandem, mtundu 2.7. Inkagwa n'kudzitsegulanso yokha mobwerezabwereza, Bluetooth n'kumadya batire ya pampu ya insulini mpaka pampu kuzima nthawi isanakwane. Anthu oposa 200 anapwetekedwa nazo. Panthawiyo anthu anauzidwa kuti aike 2.7.1. Tsono amene anali ndi 2.7, imene inali itangotuluka kumene, akadawerenga kuti "ikani mtundu watsopano" akadati ndili nawo kale.

Liwu loti "recall" nalonso. FDA inaika nkhaniyi m'gulu la Class I recall, loopsa kuposa onse, koma inanena poyera kuti kunali kukonza, osati kuchotsa zipangizo m'manja mwa anthu. Wina akadalemba kuti mapampu "akubwezedwa" kapena "aitanitsidwa", munthu akanatha kuvula pampu yake n'kukhala wopanda insulini.

Amake Tadala: Zimenezi ndi zimene zimandisowetsa tulo. Ife tilibe njira yodziwira kuti wolemba amatanthauza chiyani, timangokhulupirira zimene zalembedwa.

Nabanda: Mayi, chizolowezi chanu choyesa alamu mukapanga update musachisiye. Mu February 2025 FDA inachenjeza za chimenechi, kuti anthu akuphonya machenjezo a shuga foni ikasintha: update ya foni yeniyeniyo, ma settings a Do Not Disturb, pulogalamu kugonekedwa ndi foni pofuna kusunga batire, ngakhale kulumikiza mahedifoni kapena wailesi ya galimoto, zimene zimasintha kumene phokoso likutulukira. Analangiza kuona ma settings a machenjezo kamodzi pamwezi, ndi kusalola foni kudzipangira yokha update musanaone ngati pulogalamu ya shuga ikugwirizana nayo.

Thokozani: Zikomo nonse, mwandithandiza kuposa mmene ndimayembekezera. Ndalembanso motsatira aphunzitsi ndi a nesi:

"Chenjezo la shuga wotsika tsopano lizilira ngakhale foni ili pa silent. Mutha kuliimitsa kwa mphindi 30, kenako lidzayambanso lokha ngati shuga akadali wotsika. Chenjezo la shuga wotsika kwambiri simungalizimitse. Nambala ya sensa ikasiyana ndi mmene mukumvera m'thupi, bayani chala muyeze magazi. Mukamaliza update iyi, tsegulani Chenjezo mu settings muyese ngati likulira."

Mzere womalizawo ndauonjezera chifukwa cha amake Tadala. Ndikatumiza pamodzi ndi kagome kamene a Yamikani anena, ndipo ndikawafotokozera akuluakulu za kuimitsa ndi kuzimitsa.

Bambo Gondwe: Zikuwerengeka bwino. Liwu lija latsala ka 3 ndipo palibe pamene likulemera.

Amake Tadala: Izi ndiye ndingazitsate ngakhale ndili ndi tulo m'maso. Koma ndifunse chimodzi, achemwali. Mwati "pa silent". Foni yanga usiku imakhala pa Do Not Disturb, osati silent. Lizilirabe?

Yamikani: Funso lofunika kwambiri limenelo. Si chinthu chimodzi. Pa iPhone, pulogalamu imadutsa zonse ziwiri pokhapokha ili ndi chilolezo cha Critical Alerts, chimene Apple inabweretsa mu iOS 12, ndipo mwini foni ayenera kuvomereza. Pa Android chilolezo chodutsa Do Not Disturb n'chapadera, ndipo mafoni a makampani osiyana amachita mosiyana. A Thokozani, "silent" ameneyu munamutenga kwa mainjiniya kapena munamulemba nokha?

Thokozani: Ndinamulemba ndekha. Pa kapepala kawo analemba "mute/DND", ine n'kusankhapo limodzi poganiza kuti n'zofanana. Sindikutumiza lero. M'mawa ndikakhala nawo pansi ndi mafoni awiri, iPhone ndi Android, tiyese chilichonse pachokha, ndipo ndikalemba zokhazo zimene ndamva zikulira ndi makutu anga.

Amake Tadala: Mukayesenso mahedifoni atalumikizidwa. Tadala amaiwala kuwachotsa akamagona.